Mudzi wa Holašovice ndi Eni Ake

Pakati pa Ulaya pali dziko la Acheki, limene lilibe gombe la nyanja yamchere. Kumwera kwa dzikolo, ulendo wa mailosi ngati 10 kuchokera ku mzinda wa České Budějovice, kuli mudzi waung'ono dzina lake Holašovice. Munthu angathe kuuzungulira wonse asanatope. Koma mbiri yake ndi yaitali, pakuti dzina lake linalembedwa m'makalata kale m'chaka cha 1263.

Masiku amenewo mafumu a ku Ulaya anali kupereka midzi monga mphatso, pamodzi ndi minda yake ndi anthu okhalamo. M'chaka cha 1292 Mfumu Václav II anapereka Holašovice kwa amonke a ku Vyšší Brod, ndiwo amuna odzipatula kuti apemphere ndi kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo alimi a m'mudzimo anakhoma msonkho kwa amonkewo ndi kuwagwirira ntchito yonga thangata. Zinatero zaka zoposa 550.

Tsono pakati pa 1520 ndi 1525 kunagwa mliri woopsa. Mbiri inena kuti m'mudzi monse munatsala anthu awiri okha. Minda inamera thengo, ndi m'nyumba munalibe wosonkha moto. Amonke anaona kuti mudzi wopanda alimi supindulitsa mwini wake, ndipo anaitana anthu a ku Bavaria ndi a ku Austria kuti adzakhalemo. Alendowo anadza ndi chinenero chawo. Motero mudzi umene unali wa Acheki unasanduka wa anthu olankhula Chijeremani, ngakhale mwini wake sanasinthe.

M'chaka cha 1848 boma la Austria, limene linali kulamulira dzikolo, linathetsa thangata, ndipo alimi anakhala eni a minda yawo. Taonani chimene munthu achita pogwira ntchito yake ya iye mwini! Alimi ambiri anakonza nyumba zawo zanjerwa, nazikometsa kumaso ndi laimu ndi zolembalemba, ena nalemba chaka pakhoma. Nyumbazo zayang'ana pabwalo lalitali, pamene pali dziwe la nsomba, nyumba ya wosula zitsulo, ndi kachalichi kakang'ono komangidwa m'chaka cha 1755.

Koma mtendere sunakhalitse. M'chaka cha 1938 Hitler analanda madera a m'malire mmene munali olankhula Chijeremani, ndipo Holašovice unalowa m'manja mwake. Nkhondo itatha m'chaka cha 1945, boma la Czechoslovakia linapirikitsa Ajeremani m'dzikomo, olakwa ndi osalakwa omwe. Mabanja amene makolo awo analima mindayo zaka 400 ananyamula akatundu ochepa, nasiya nyumba zawo. Acheki a kwina anadzalowamo. Pambuyo pa 1948 boma la Chikomyunizimu linasonkhanitsa minda ya alimi kuti ilimidwe pamodzi, ndipo nyumba zina zinayamba kuonongeka posowa wozisamala.

Chodabwitsa ndi ichi: popeza panalibe wogumula zakale kuti amange zatsopano, mudziwo unasunga maonekedwe ake. Chikomyunizimu chitagwa m'chaka cha 1989, anthu anakonzanso nyumbazo, ndipo m'chaka cha 1998 bungwe la UNESCO linalemba Holašovice m'gulu la malo ofunika kusungidwa ndi anthu a dziko lonse lapansi. Alendo ochokera kutali amafika kudzaona makomo 23 a alimi ozinga bwalo lija.