Pa 16 Disembala ena amaguba, koma a ku Wiriyamu akuwakumbuka ndani?

Aliyense wochita geni ya ku Joni kapena ku Harare msewu wake amaudziwa pamtima: kudinditsa pasipoti pa chipata cha Mwanza, kulowa Zobue, kudutsa Moatize, kuoloka Zambezi pa Tete, kenako Changara mpaka Nyamapanda. Mwezi wa Disembala ndiye mabasi amachita kudzaza mpaka pakhomo, aliyense akuthamangira katundu wa Khirisimasi. Koma ndi angati mwa ife amadziwa kuti basi ikangotuluka mu mzinda wa Tete imadutsa dera lomwe anthu osachepera 385 adaphedwa tsiku limodzi?

Tsikulo lidali 16 Disembala 1972. Tisanafike pamenepo, tiyeni tilione bwino tsiku limeneli, chifukwa lidasenza nkhondo zambiri kuposa masiku anzake.

Tiyambe ndi 1838. Ku Natal, m'mbali mwa mtsinje wa Ncome, Maburu osakwana 500 motsogozedwa ndi Andries Pretorius adazunguliza ngolo zawo ngati linga n'kudikira ankhondo a mfumu ya Azulu, Dingane. Mkangano wake udali wa malo, ndipo miyezi khumi m'mbuyomo Dingane adali atapha mtsogoleri wa Maburu, Piet Retief. Azulu adabwera zikwizikwi ndi nthungo ndi zishango, koma adakumana ndi mfuti ndi mizinga. Pafupifupi 3,000 adatsala pomwepo, pamene kwa Maburu adangovulala atatu okha. Mtsinjewo adaupatsa dzina loti Blood River. Kwa ife nkhaniyi si yachilendo kwenikweni, poti makolo a Angoni athu a ku Ntcheu, Mchinji ndi Mzimba adachokera chigawo chomwecho cha kumwera.

Maburu adati adalonjeza kwa Mulungu kuti akapambana adzalisunga tsikulo ngati Sabata. Ndipo adalisungadi. Pa zaka zonse za ulamuliro wa tsankho, 16 Disembala lidali tchuthi cha boma, tsiku lotsimikizira ana awo kuti dzikolo adapatsidwa kuchokera kumwamba.

N'chifukwa chake a ANC sadasankhe mwangozi. Pa 16 Disembala 1961 gulu lawo lankhondo la Umkhonto we Sizwe, lomwe mkulu wake adali Nelson Mandela, lidadziulula pophulitsa mabomba pa nyumba za boma ndi malo a magetsi ku Johannesburg, Port Elizabeth ndi Durban. Ena ali m'tchalitchi kuthokoza za 1838, anzawo akuwauza kuti nkhani ija siidathe. Mandela atalowa m'boma mu 1994 sadalichotse tsikuli. Kuyambira 1995 lidasanduka Tsiku la Chiyanjano, kuti mdzukulu wa Mburu ndi mdzukulu wa Mzulu azipuma limodzi.

Tikaoloka nyanja, pa 16 Disembala 1944 Adolf Hitler adaponya mphamvu zake zotsiriza m'nkhalango ya Ardennes, ku Belgium ndi Luxembourg, kufuna kugawa pakati asilikali a America ndi Britain. Adalimbana m'chisanu choopsa kwa mwezi wathunthu, Germany n'kulephera, ndipo pofika Meyi 1945 idagonja. Nthawi imeneyo agogo athu a KAR adali ku Burma kulimbana ndi Japan. Ndiye pa 16 Disembala 1971, mu mzinda wa Dhaka, mkulu wa asilikali a Pakistan, A. A. K. Niazi, adasaina kalata yogonja pamaso pa Jagjit Singh Aurora wa India. Anthu oposa 90,000 adagwidwa ukaidi, ndipo dziko latsopano la Bangladesh lidaima palokha. Kumeneko tsikuli ndi la chikondwerero cha kupambana.

Mwaona? Nkhondo zonsezi zili ndi eni ake. Zili ndi zipilala, mabuku, ma bandi ndi maina a akuluakulu a asilikali oti ana aloweze pokonzekera mayeso. Nanga ya anansi athu?

Pofika 1972 nkhondo ya Frelimo yofuna ufulu wa Mozambique idali itakolera m'chigawo cha Tete. Apwitikizi ankamanga damu la Cahora Bassa, ndipo sankafuna kumva kuti zigawenga, monga ankawatchulira, zayandikira. Ankasamutsa anthu mokakamiza kukawaunjika m'midzi yolonderedwa, ndipo mudzi wozengereza ankauganizira kuti ukudyetsa Frelimo.

Loweruka pa 16 Disembala, ndege zidaponya mabomba, ma helikopita n'kutsitsa asilikali a Chipwitikizi pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS m'midzi isanu ya dera la Wiriyamu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda wa Tete. Sadapeze gulu lankhondo loti alimbane nalo. Adapeza azimayi, ana, nkhalamba ndi abambo a pamudzi. Ena adawombedwa atawasonkhanitsa pabwalo, ena adatsekeredwa m'nyumba za udzu n'kutenthedwa momwemo. Katswiri wa mbiri yakale Mustafah Dhada, yemwe adafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, adapeza kuti ophedwa sachepera 385. Awa ndi anthu olankhula Chinyungwe, chilankhulo choti wa ku Mwanza akatchera khutu amatolapo zambiri.

Kukadakhala kufuna kwa eni mfuti, nkhaniyi ikadathera m'phulusa la nyumba zija. Koma opulumuka ena adafika ku chipatala cha ku Tete ndi mabala awo, n'kufotokoza. Wansembe wina wa komweko, bambo Domingos Ferrão, pamodzi ndi ansembe a ku Spain a gulu la Burgos, adayamba kulemba: uje, mwana wa uje, wa mudzi wakuti. Mapepalawo adatuluka m'dzikomo mozemba mpaka kufika m'manja mwa bambo Adrian Hastings, wansembe wa ku Mangalande, yemwe adaitulutsa nkhaniyi mu nyuzipepala ya The Times pa 10 Julaye 1973. Kudali kutatsala masiku ochepa kuti mtsogoleri wa Portugal, Marcelo Caetano, afike ku London kukacheza.

Boma la Lisbon lidakanitsitsa. Lidafika ponena kuti mudzi wotchedwa Wiriyamu kulibe, ati pa mapu sukuoneka. Tamvani zimenezo! Kupha anthu, kenako kupha ndi dzina la mudzi wawo lomwe. Koma maina aja adali atalembedwa kale. Mu Epulo 1974 asilikali a Portugal eni ake, atatopa ndi nkhondo za mu Africa, adagwetsa boma la Caetano, ndipo pa 25 Juni 1975 Mozambique idalandira ufulu. Paja akulu adati mlandu suola: mu Seputembala 2022, patatsala pang'ono kukwana zaka 50, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, adapepesa ku Maputo chifukwa cha Wiriyamu.

Nanga bwanji ife, oyandikana nawo chonchi, tidakula osaimva? Tisanamizane. Masiku amenewo boma la Dr Banda lidali pa ubwenzi ndi Apwitikizi, moti mkulu wina wa bizinesi wa Chipwitikizi, Jorge Jardim, ndiye ankaimira Malawi ku Beira. Nkhani yotere siidali yoti munthu n'kumaikamba mokweza mu basi kapena pa bawo.

Ndipo anthu a ku Mwanza sasowa wowaphunzitsa za bodza la boma. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga, adapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani. Tidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Padatenga zaka zoposa khumi kuti komiti yofufuza ya Justice Michael Mtegha, yomwe idakhazikitsidwa mu 1994, inene poyera kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Khoti lidamasula Dr Banda ndi anzake pa mlanduwo mu Disembala 1995, koma nthano ya ngozi ija palibenso adaibwereza. Thambani sikudali nkhondo ya asilikali, komabe kachitidwe kake n'kamodzi ndi ka Wiriyamu: wamfuti amachita zake, mawa lake n'kulemba yekha chomwe chidachitika.

Wina anena kuti, "Achimwene, za ku Mozambique zikutikhudza chiyani ife, tili ndi mavuto athu a ndalama ndi misonkho pa boda?" Funsani amene ankachita geni zaka za m'ma 1980. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itavuta, malole a katundu wathu ankayenda mumdipiti pa msewu wa Tete moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo msewuwo ukatsekeka katundu ankazungulira ku Zambia, mitengo m'sitolo n'kukwera. Anthu oposa miliyoni imodzi adathawira m'dziko muno mpaka mgwirizano wa mtendere wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 udawalola kubwerera. Mu 2016 zidachitikanso: anthu oposa 10,000 ochokera ku Tete adadzaza mudzi wa Kapise ku Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno. Mfuti ikalira ku Tete, woyamba kuyala mphasa ndi wa ku Mwanza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho inu ana a sukulu, mukamaloweza za Pretorius ndi Hitler, lowezani ndithu, mayeso ndi ofunika. Koma dzifunseninso kuti adalemba buku ndani, ndipo adasiyamo yani. Wiriyamu tikuidziwa lero osati chifukwa cha mkulu wa asilikali aliyense, koma chifukwa wansembe adatenga cholembera n'kufunsa anthu wamba maina a abale awo. M'midzi ya Mwanza ndi Neno mudakali agogo amene adaoloka malire usiku ndi mwana kumsana, ndi ena amene adawapatsa malo olima. Akamapita, akupita nazo nkhani zawo. Tchuthi cha Khirisimasi chikafika, gulani kope la masamba ochepa, mukhale nawo pansi, mulembe dzina la mudzi, chaka chake ndi maina a amene sadafike. Tsiku lina wina adzanena kuti sizidachitike, ndipo kope lanulo ndilo lidzamuyankhe.