Nsapato Yoyamba ya Suti: Itembenuzeni Kaye Musanatulutse Ndalama

Mnyamata wa geni akhoza kutha zaka akuyendera patapata kapena nsapato zamasewero popanda womufunsa. Koma tsiku lake limafika ndithu. Kwagwa chinkhoswe, kapena anzanu akusankhani kuti muperekeze ukwati, kapena a banki akuti mubwere mudzakambirane za ngongole ija. Suti mukhoza kubwereka, tayi ndiye sitinena. Koma nsapato ayi, phazi la mnzanu si lanu. Apa m'pamene ambiri amatapa pa mpamba n'kuthamangira yonyezimira kwambiri pa benchi, ndipo dzinja lisanathe nsapato ija yayasamula kukamwa ngati ng'ona.

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja sakugwirika, ndiye kugula nsapato kawiri chaka chimodzi ndi kudzibera wekha. Tsono achimwene, kunyezimira kusiyeni kaye. Funso loyamba likhale ili: kodi ikadzatha kunsi, wosoka nsapato wa pakona paja adzatha kuidzutsa?

Yankho lili pa soli. Itembenuzeni. Nsapato zambiri zotchipa soli yake amangomata ndi guluu basi, ndipo guluu ndi matope a ku Ndirande kapena kwa Mchesi sagwirizana. Zolimba zenizeni zimakhala zosoka. Pali kasokedwe kena komwe azungu amati Goodyear welt, dzina lochokera kwa Charles Goodyear Jr. wa ku America yemwe makina ake anafalitsa njirayi m'zaka za m'ma 1800. Amazunguliza kachikopa m'mphepete monse, n'kukasokera ku nsapato, kenaka soli n'kuisokera ku kachikopako. Soli ikatha, wosoka amangoichotsa n'kuika ina, pamwamba pali chikhalire. Mafakitale a m'dera la Northampton ku England, monga Loake, Barker ndi Crockett & Jones, amasokabe chonchi. Yatsopano mtengo wake ndi wothawitsa, koma m'mabelo a kaunjika nthawi zina imodzi imasochereramo, ndipo amene akuidziwa ndi amene amapita nayo kunyumba.

Koma samalani, opanga zafeki nawonso si ana. Amaumba mizere pa pulasitiki yooneka ngati ulusi pomwe ulusi mulibe. Kandani ndi chikhadabo. Ulusi weniweni umamveka, ndipo kawirikawiri umaonekeranso kunsi kwa soli kapena m'kati mukatukula kansalu kopondapo.

Sindikunena kuti yomata iliyonse ndi yachabe, ayi. Nsapato zambiri za m'sitolo, ngakhale za makampani odziwika, n'zomata, ndipo zina zimatumikira bwino. Ku Bata, kampani yomwe inayambira ku Zlín m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic mu 1894, ubwino wake ndi woti mumayesa mutakhala pansi, saizi n'kusintha mpaka ikwane. Mukagula yomata, kaya m'sitolo kaya pamsika, pitani nayo kwa wosoka aizungulize ulusi isanayambe kumatuka. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kugula ina. Koma nzeru imeneyi imagwira pokhapokha pamwamba pali chikopa chenicheni, poti pulasitiki ukaiboola ndi singano imayamba kung'ambikira pomwepo.

Nanga chikopa muchidziwa bwanji, poti venda aliyense amalumbira kuti "iyi ndi orijino bwana"? Dinikizani ndi chala chachikulu. Chikopa chimachita timakwinya ting'onoting'ono ngati khungu la munthu, n'kubwerera. Nunkhizani, musachite manyazi, ndalama ndi yanu. Kenaka yang'anani podulidwa, m'mphepete mwa lilime la nsapato. Chikopa chimaoneka manyunyu, pomwe pulasitiki imakhala ndi nsalu yomatidwa kuseri. Nsapato zochokera ku Ulaya zimakhalanso ndi tizizindikiro m'kati kapena pa kapepala komata kunsi, potsatira lamulo lawo la 1994. Kachithunzi ka chikopa choyanika ndiye kuti chikopa, ka mizere yolukanalukana ndi nsalu, ka dayamondi ngati wa pa makadi a juga ndiye kuti zina ndi zina, makamaka pulasitiki. Dayamondi akakhala m'kati mwa chikopa chija, ndi chikopa chokutidwa ndi pulasitiki, chomwe chimawala pogula koma polishi salowa. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kaunjika ali ndi misampha yakeyake. Ku Limbe, pa Tsoka ku Lilongwe ngakhale ku Mzuzu mudzapeza nsapato yooneka yosavalidwapo, soli yake yonenepa, yopepuka ngati siponji. Imeneyo muiope. Soli za mtundu umenewu zikakhalitsa m'kabati zimafumbwa zokha chifukwa cha chinyezi, ndipo zimayoyoka ngati chigumu munthu uli pakati pa msewu. Ipindeni, ibayeni ndi chikhadabo. Ikachita ming'alu kapena kunyenyeka, ibwezeni pa mulu. Chidendene chodyeka mbali imodzi chisakuopseni, wosoka amakonza, ndipo n'chifukwa chabwino chonenerera mtengo. Chosakonzeka ndi chikopa chong'aluka popindikira zala. Ndipo onetsetsani kuti ziwirizo ndi mapasa enieni, chifukwa m'belo nsapato zimasochera, wina n'kuphatikiza yakumanja 8 ndi yakumanzere 9.

Za saizi, musakhulupirire nambala yokha. Imene a ku Britain amati 8, ku Ulaya ndi cha m'ma 42, pomwe ku America ndi cha m'ma 9, ndipo m'belo zonsezi zimabwera zosakanikirana. Yesani masana kapena madzulo phazi litafufuma ndi kuyenda, mutavala sokosi zomwe mudzavalire, mapazi onse awiri, muyendepo pang'ono. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chidendene chisamavuke mukamayenda. Akakuuzani kuti "itambasuka imeneyo", dziwani kuti chikopa chimatambasukako m'mbali, koma m'litali sichiwonjezera. Ndaonapo operekeza ukwati akuvina motsimphina ndi matuza, osati chifukwa cha sitepe yatsopano.

Poti ndi yoyamba, tengani yakuda, yazingwe, yopanda zokometsera zambiri. Imeneyo ilowa ku tchalitchi, ku ukwati, ku maliro ndi ku ofesi. Zosongoka ngati mkondo zija zisiyireni oyenda pa galimoto. Ife oyenda pansi zimangokhumudwa pa miyala, mphuno n'kusupuka. Ikakhala ya soli yachikopa, wosoka amatepo kamphira kopyapyala, apo ayi mudzaterereka pa simenti yonyowa ndipo madzi adzalowa.

Pa ndalama yomwe mwakonza, musaithere yonse pa benchi. Siyaniko ya wosoka, ya polishi ndi bulashi. Ikanyowa musaiyanike pa mbaula kapena pa dzuwa la phwee, chikopa chimauma n'kung'aluka. Ichotseni zingwe, muiike pa mthunzi podutsa mphepo, m'kati mutafwinyiramo mapepala kuti amwe madzi. Nyuzi inoyi mukatha kuwerenga ikhoza kugwira ntchitoyo, bola mnzanu wa benchi yoyandikana ayambe waiona kaye.