Compiler ikafufuta chitetezo chimene munthu analemba

Pulogalamu iliyonse ya mufoni kapena pa kompyuta imayamba ngati mawu amene munthu walemba m'chilankhulo chonga C, koma makina samva mawu amenewo. Pakati pa awiriwa pamakhala pulogalamu ina yotchedwa compiler, imene imasandutsa zolembazo kukhala malangizo a manambala oti makina atsatire. Ntchito yake ikufanana ndi ya womasulira m'khoti: akapotoza mawu, woweruza amagamula molakwa pamene mboni inanena zoona. Wolemba pulogalamu akhoza kuwerenga ntchito yake kambirimbiri osapeza cholakwika, chifukwa cholakwikacho chalowa iye atamaliza kale. N'chifukwa chake ndikunena kuti opanga compiler sayenera kuthera pa mawu akuti "malamulo amalola". Ayenera kuyankhapo pa zimene chida chawo chimatulutsa.

Taonani zimene zinachitikira Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta yolembedwa mu C, mu 2009. Mu C muli chinthu chotchedwa pointer, chimene chimasunga adiresi ya malo ena mu memory ya kompyuta. Pointer yosaloza paliponse imatchedwa null, ndipo kuwerenga kudzera mwa iyo n'koletsedwa. Tony Hoare, amene anaika null m'chilankhulo cha ALGOL W mu 1965, anadzavomereza pa msonkhano wina ku London kuti kunali kulakwitsa kowonongetsa madola biliyoni. Mu Linux 2.6.30, m'gawo la netiweki lotchedwa tun, munali mzere wowerenga kudzera mwa pointer, ndipo m'munsi mwake munali mzere wofufuza ngati pointer yomweyo ili null. Compiler ya GCC inaganiza motere: popeza pointer yagwiritsidwa kale ntchito, ndiye kuti singakhale null, choncho kufufuzako n'kutaya nthawi. Inaufufuta mzerewo osauza aliyense. Brad Spengler, katswiri wa zachitetezo cha makompyuta, anaonetsa kuti munthu wopanda udindo uliwonse pa makinawo akanatha kulowera pomwepo n'kuwalanda onse.

Oikira kumbuyo GCC ali ndi mfundo yomveka. Malamulo a C amati pulogalamu ikawerenga kudzera mwa null, zotsatira zake sizidziwika, ndipo compiler ili ndi ufulu woganiza kuti zimenezo sizichitika. Ufulu umenewu ndi umene umathandiza kuti mapulogalamu azithamanga, komanso amene anasemphanitsa mizere iwiri ija ndi munthu. Zonsezi n'zoona. Koma kulakwa kwa munthuyo kunali kowerenga pamalo olakwika kamodzi, pamene kufufuta kwa compiler ndi kumene kunatsegula khomo lonse. Compiler inali ndi umboni m'manja mwake wakuti mizere iwiriyo ikutsutsana, ndipo umboniwo inaugwiritsa ntchito pochotsa chitetezo m'malo mochenjeza mwini wake. Opanga Linux sanangokonza mizereyo. Anaikanso lamulo loletsa GCC kufufuta zofufuza null pomanga Linux yonse, kusonyeza kuti liwiro lopezeka motero sanalione kukhala lofunika kuposa chitetezo.

Kusintha nambala kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina nako kuli ndi misampha yake. C imasiyanitsa manambala otha kutsika pansi pa ziro ndi amene satero. Mukayerekeza -1 ndi nambala ya mtundu wachiwiriwu pa ma bit 32, -1 amasanduka 4,294,967,295, ndipo chaching'ono chimakhala chachikulu mwadzidzidzi. Compiler ikasokoneza mitundu iwiriyi pamalo amodzi okha, yankho limatembenuka. Pa yunivesite ya Utah ku America, John Regehr ndi anzake anapanga Csmith, chida cholemba chokha mapulogalamu ambirimbiri a C n'kuwapereka kwa ma compiler osiyanasiyana. Mayankho akasiyana, ndiye kuti ina mwa izo yanama. Mu lipoti lawo la 2011 ananena kuti anapeza zolakwika zoposa 325 zimene sizinkadziwika, zambiri mwa izo mu GCC ndi compiler ina yotchedwa LLVM. Compiler iliyonse imene anaiyesa inagwapo, komanso inatulutsapo malangizo olakwika mwakachetechete.

Wina angati palibe chochita, chifukwa pulogalamu yaikulu chonchi singasowe zilema. Kafukufuku yemweyo akutsutsa zimenezo. Ku INRIA, ku France, Xavier Leroy anatsogolera ntchito yopanga CompCert, compiler imene mbali yake yaikulu inatsimikiziridwa ndi masamu kuti sisintha tanthauzo la pulogalamu. Csmith inaiyesa nthawi yaitali ndipo m'mbali yotsimikiziridwayo sinapezemo malangizo olakwika. Zilema zinapezeka m'mbali imene inali isanatsimikiziridwe, ndipo chimodzi mwa izo chinali chomwe chija cha -1: kuyerekeza kumene kunayenera kuwerengera manambala otsika pansi pa ziro kunachitika ngati kuti kulibe otero. N'zoona kuti kutsimikizira koteroko kumadya zaka za akatswiri, ndipo mapulogalamu otuluka mu CompCert sathamanga ngati a GCC ikayesetsa mphamvu zake zonse. Pa masewera a pafoni, mwina mtengowo ndi wokwera. Pa pulogalamu yoyendetsa ndege kapena makina a kuchipatala, sindikuona chifukwa chomveka chokanira kuulipira.