Kuchokera m'komboni kukafika pansanja ya lamya

Woyenda pamsewu wochoka ku Harare kulowera ku Bindura, Chinhoyi kapena Marondera sangalephere kuona nsanja zazitali zachitsulo zitaima pamitu ya timapiri, pakati pa minda ya fodya ndi chimanga. Nsanja zimenezi ndizo zimalandira ndi kutumiza mawu a lamya za m'manja. Mlimi akamafunsa mtengo wa feteleza, mayi akamalandira ndalama pa EcoCash, kapena gogo akamalankhula ndi abale ake ku Dedza, zonsezo zimadzera pamenepo.

M'munsi mwa zina mwa nsanjazi muli makomboni momwe mukukhala ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'mafamu a m'zigawo za Mashonaland. Nsanja ikawonongeka, amisiri odzaikonza amabwera pagalimoto kuchokera m'tauni, ndipo ana a m'komboni amangoima patali n'kumaonerera. Chikhalirecho ntchito imeneyi ilibe mtundu. Chimene chimatchinga ana ambiri a m'mafamu si kuchepa nzeru ayi, koma zipata ziwiri zimene zimatsekeka iwo akadali aang'ono: chiphaso cha kubadwa, ndiponso maphunziro a masamu ndi sayansi. Makolo, aphunzitsi ndi alangizi a zachitukuko ali ndi mphamvu yotsekula zipata zonse ziwirizi.

Ntchito ya injiniya wa zamtokoma

Munthu akaimba lamya ya m'manja, mawu ake amasandutsidwa mafunde a wailesi omwe amapita kunsanja yapafupi. Kuchokera apo, uthengawo umatumizidwa kulikulu la makina a kampani kudzera m'njira ziwiri: m'mbale zoyera zija zomangiriridwa pansanja, kapena m'chingwe cha faiba chokwiriridwa pansi. Mbalezo zimafunika kuyang'anizana popanda phiri kapena mtengo pakati, ndipo n'chifukwa chake nsanja zimamangidwa pamalo okwera. Faiba ndi ulusi wagalasi wopyapyala ngati tsitsi, umene umanyamula uthenga pogwiritsa ntchito kuwala.

Injiniya ndiye amawerengetsera malo oyenera kuikapo nsanja, kutalika kwake, kukula kwa dera limene idzafikire ndi kuchuluka kwa anthu amene ingawatumikire nthawi imodzi. Ena amayang'anira makina a kulikulu, ena njira za faiba, ena magetsi. Mbali ya magetsiyi ndi yaikulu kwambiri ku Zimbabwe, kumene kuzimazima kwa magetsi kwachititsa kuti nsanja zambiri zizidalira mabatire, majenereta ndi mphamvu ya dzuwa. Pansi pa injiniya pali amisiri oika ndi kukonza makina, olumikiza faiba ikaduka, ndi okwera nsanja atadzimangirira malamba. Onsewa ndi makwerero a ntchito imodzi, ndipo munthu angayambire pansi n'kumakwera pang'onopang'ono.

Mmene ntchitoyi idakulira

Luso limeneli si lachilendo m'dera la mafamu. M'chaka cha 1985, boma lidatsekula siteshoni yolumikizana ndi masetilaiti m'chigwa cha Mazowe, kumpoto kwa Harare, pafupi ndi minda yotchuka ya malalanje. Mbale zake zikuluzikulu zidaloza kumasetilaiti omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, ndipo zidathandiza dziko kulankhula ndi maiko akunja mosadalira njira zodzera ku South Africa. Masiku amenewo ntchito zonse za lamya zinali m'manja mwa bungwe la boma la Posts and Telecommunications Corporation, ndipo pafamu lamya inkapezeka m'nyumba ya mwini famu ndi mu ofesi mokha.

Zinthu zidasintha ndi kubwera kwa lamya za m'manja. Kampani ya boma ya NetOne idayamba mu 1996. Injiniya wina, a Strive Masiyiwa, amene adakulira ku Kitwe m'dziko la Zambia n'kukaphunzira zamagetsi ku Wales, adagwirapo ntchito kubungwe la boma lija asanayambe bizinesi yawo. Iwo adalimbana ndi boma m'makhoti kwa zaka pafupifupi zisanu pofuna chilolezo, mpaka kampani yawo ya Econet idayamba kugwira ntchito mu 1998, chaka chomwenso Telecel idayamba. Lamulo la mu 2000 lidagawa bungwe lakale lija n'kukhazikitsa POTRAZ, bungwe loyang'anira ntchito zamtokoma. EcoCash idabwera mu 2011, netiweki ya 5G mu 2022, ndipo mu 2024 kampani ya Starlink idaloledwa kupereka intaneti ya pasetilaiti. Kusintha kulikonse kwa mtundu umenewu kumafuna manja atsopano odziwa ntchito.

Chipata choyamba: chiphaso cha kubadwa

Chaka cha 2000 chisanafike, mafamu akuluakulu a ku Zimbabwe ankalemba antchito oposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wochokera kunja kapena mwana wa ochokera kunja. Makolo awo ena adabwera wapansi, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito limene ku Nyasaland linkatchedwa Mthandizi. Eni dziko adawapatsa dzina loti Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre. Ambiri adabadwira ndi kukwatira m'komboni popanda kulembetsa kuboma, popeza moyo wonse unkathera pafamu: nyumba, chakudya, sukulu ngakhale manda.

Ntchito yogawa malo itayamba mu 2000, antchito ambiri adataya ntchito ndi pokhala, ndipo amene adalandirako malo anali ochepa kwambiri. Kenaka lamulo la unzika la mu 2001 lidalamula kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu ambiri a m'mafamu, amene sadapondeko n'komwe ku Malawi kapena ku Mozambique, adapezeka ali opanda dziko. Kholo lopanda chitupa limavutika kulembetsa mwana, ndipo mwanayo akakula amalepheranso kulembetsa wake. Lipoti la bungwe la Amnesty International la mu 2021 lidasonyeza kuti vutoli lidafika mpaka kwa zidzukulu.

Kwa mwana wofuna uinjiniya, nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Masukulu amafunsa chiphaso cha kubadwa polembetsa mayeso, makoleji amafunsa chiphaso ndi chitupa, ndipo kampani silemba ntchito munthu wopanda mapepala. Ngakhale nambala ya lamya imene munthu amagwiritsa ntchito imayenera kulembetsedwa ndi chitupa.

Komabe malamulo tsopano ali kumbali ya anawa. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013, m'ndime 43, amati munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 81 imapatsa mwana ufulu wolandira chiphaso cha kubadwa mosachedwa, pamene ndime 6 imaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Mu 2022 nthambi ya kalembera idayendera madera akumidzi kulembetsa anthu kwa miyezi ingapo. Mlangizi wanzeru sadikira kuti mwana afike Giredi 7. Amayenda khomo ndi khomo kulemba maina a ana opanda ziphaso, amathandiza makolo kusonkhanitsa khadi la kuchipatala, kalata ya mphunzitsi wamkulu ndi mboni, ndipo amaperekeza banjalo ku ofesi ya kalembera ya m'boma lawo. Kumene kholo lilibe chitupa, ntchito iyenera kuyambira pa kholopo.

Chipata chachiwiri: masamu ndi sayansi

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Pafupifupi sukulu iliyonse yophunzitsa zamtokoma imafuna kuti wophunzira akhale atakhoza maphunziro asanu pa mayeso a O Level a bungwe la ZIMSEC, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi, ndi giredi C kapena kuposerapo. Wofuna digiri amafunikanso kukhoza masamu ndi Physics pa A Level.

Apa ndi pamene ana a m'mafamu amagwera. Masukulu ambiri amene adatsekulidwa m'madera ogawidwa kuyambira mu 2000 adayambira m'nyumba zakale za eni mafamu ndi m'mabalani a fodya, opanda chipinda choyeserera sayansi. Ena mwa masukuluwa alibe chilolezo cholembetsera mayeso, kotero ana amakalembera kwina. Nyengo yothyola ndi kusankha fodya ikafika, ana amajomba kuti akathandize makolo kapena kukagwira ganyu. Ndipo popeza mayeso amalipiridwa phunziro lililonse palokha, banja losauka limasankha maphunziro ochepa, ndipo kawirikawiri masamu ndiwo amayamba kusiyidwa poganiza kuti ndi ovuta. Tsiku limene masamu achotsedwa pa fomu yolembetsera mayeso, khomo la uinjiniya limatsekeka mwanayo asanadziwe n'komwe kuti linalipo.

Kholo losadziwa kuwerenga likhoza kuthandizabe. Likhoza kufunsa mphunzitsi, mwana akamalowa Fomu 3, ngati masamu ndi sayansi zili pamndandanda wa maphunziro ake. Likhoza kupatula ndalama ya mayeso nthawi yogulitsa fodya isanamwazike. Ndipo mwana akalephera, ulendo sunathe: ZIMSEC imalembetsa mayeso mu Juni ndi mu Novembala, ndipo munthu angabwereze phunziro limodzi lokha limene adalephera.

Njira zolowera

Njira yoyamba ndi ya kuyunivesite. University of Zimbabwe ku Harare, National University of Science and Technology ku Bulawayo, Midlands State University ku Gweru ndi Harare Institute of Technology zimaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi, wa zipangizo za elekitironiki kapena wa zamtokoma. Maphunzirowa amatenga zaka zinayi kapena zisanu, kuphatikizapo nthawi yokaphunzira ntchito kukampani. Womaliza amalembetsa ku Engineering Council of Zimbabwe kuti azindikirike mwalamulo.

Njira yachiwiri ndi ya dipuloma, imene munthu angalowe ndi O Level. Koleji ya TelOne Centre for Learning, yomwe ili ku Belvedere mumzinda wa Harare, imaphunzitsa zamtokoma, ndipo makoleji a ntchito zamanja monga Harare Polytechnic amapereka masatifiketi ndi madipuloma a boma m'maphunziro a zamagetsi. Wa dipuloma akagwira ntchito zaka zingapo angathe kupitiriza mpaka digiri.

Njira yachitatu ndi yophunzira ntchito uli pantchito, pansi pa mmisiri wovomerezeka, kwa zaka pafupifupi zinayi, n'kulemba mayeso a boma a umisiri. Njirayi imakomera ana osauka chifukwa wophunzira amalandira kangachepe, koma malo amakhala ochepa. Mabanja achenjere ndi anthu opempha ndalama polonjeza malo kapena ntchito, ndiponso timakoleji tosalembetsedwa kuboma. Mwana asanalipire kalikonse, mlangizi afufuze ngati sukuluyo ndi yovomerezeka.

Thandizo liripo kwa olifunafuna

Ndondomeko ya boma ya BEAM, imene idayamba mu 2001, cholinga chake ndi kulipirira ana amasiye ndi ovutika, ndipo maina amasankhidwa ndi makomiti a m'dera. Mabanja a m'komboni amaiwalika mosavuta ngati alibe wowayankhulira m'makomitiwo. Bungwe la Higherlife Foundation, la a Strive ndi mayi Tsitsi Masiyiwa, limathandiza ana amasiye ndi ana okhoza bwino, pamene CAMFED yakhala ikulipirira atsikana akumidzi ku Zimbabwe kuyambira mu 1993. Lamulo la maphunziro lomwe lidakonzedwa mu 2020 limaletsa kuchotsa mwana sukulu chifukwa chosalipira fizi kapena chifukwa cha pathupi. Izi n'zofunika kuzilengeza m'misonkhano ya m'mafamu, kumene atsikana ambiri amakwatiwa asanamalize Fomu 4. Ntchito ya zamtokoma si ya amuna okha: kulumikiza faiba ndi kuyendetsa makina a kulikulu kumafuna mutu ndi manja odekha, osati mapewa.

Nkoyenera kunena zoona kwa achinyamata. Si onse omaliza maphunziro amene amapeza ntchito msanga, ndipo ambiri amayamba ndi makontirakiti aafupi m'makampani ang'onoang'ono oika nsanja ndi kukumba njira za faiba. Ntchitoyi imaitana munthu usiku, pamvula, ndi pamalo oopsa. Luso limasinthanso mofulumira, kotero injiniya amakhala wophunzira moyo wake wonse. Koma wodziwa magetsi ndi mawaya sagona ndi njala m'dera la ulimi: mafamu akufuna oika mapanelo a dzuwa, okonza mapampu a ulimi wothirira, ndi olumikiza intaneti m'masukulu ndi m'zipatala.

Agogo a ana amenewa adawoloka Zambezi ndi kamtolo pamutu, ndipo kalata yopita kumudzi inkatha milungu panjira. Ena adamwalira osamvanso mawu a abale awo. Lero mdzukulu wawo akhoza kukhala mmodzi mwa omanga njira imene mawuwo amayendamo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo kudumpha koyamba si kwa ku Harare ayi. Ndi ulendo wa ku ofesi ya kalembera, ndi funso limodzi kwa mphunzitsi: kodi mwanayu walembetsa masamu?