Ntchito ya uzamba m'Malawi

Mzamba ndi amene amathandiza mayi woyembekezera kuti achire bwino. M'zipatala za m'Malawi ntchitoyi imayambira kusikelo, komwe mzamba amayeza kuthamanga kwa magazi, kupapasa mimba kuti adziwe mmene mwana wagonera, ndi kupereka mankhwala oteteza malungo ndi oonjezera magazi. Matenda akayamba, amamvetsera mtima wa mwana ndi kachipangizo konga lipenga komwe amakagunditsa pamimba, n'kumalemba papepala mmene njira ikutsegukira. Pepalalo ndilo limamuuza nthawi yotumiza mayi kuchipatala chachikulu.

Kale ntchitoyi inali ya amayi achikulire akumudzi, ophunzira poonerera anzawo. Boma linawaletsa kubereketsa mu 2007, ponena kuti sangathe kuthandiza mayi wotaya magazi kwambiri kapena wokomoka. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, koma kuyambira 2012, Pulezidenti Joyce Banda atayika uchembere wabwino patsogolo, mafumu monga Kwataine wa ku Ntcheu analimbikitsa malamulo akumudzi: wochirira pakhomo alipire mbuzi kapena nkhuku. Azamba akumudzi anatsala ndi ntchito yolangiza ndi kuperekeza. Ambiri a iwo amadandaula kuti mayi akagogoda pakati pa usiku, mutu wa mwana utaonekera kale, kumubweza n'kosatheka.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 9 mwa 10 alionse amachirira kuchipatala. Imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439 pa nthawi ya kafukufukuyu.

Katundu yense wochoka kumudziyo anagwera azamba ochepa a m'zipatala. Iwowa amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, kenaka amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Komabe ena akamaliza amakhala nthawi yaitali osalembedwa ntchito, pomwe zipatala zikulira kuchepa kwa antchito. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi mzamba mmodzi amatha kugwira usana ndi usiku. Magetsi akazima amasoka mayi ataluma foni kuti imuunikire. Ambulansi imatha kukhalapo koma yopanda mafuta, ndipo mayi amauzidwiratu kubwera ndi zitenje, beseni, lezala ndi pepala la pulasitiki loyala pabedi. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likulankhula za malipiro ochepa komanso kuchedwa kwa ndalama za maola oonjezera.

Madandaulo a amayi nawo ngoona: alipo azamba okalipa ndi onyoza, ndipo kutopa sikuwalungamitsa. Azambawo amayankha kuti amayi ena amafika mochedwa, ena atamwa mwanamphepo wofulumizitsa matenda yemwe angang'ambitse chiberekero. N'chifukwa chake zipatala zambiri zinamanga zidikiro, kuti mayi wochokera kutali adikirire pafupi mwezi wake ukakwana.