Msonkhesonkhe wa pa intaneti udabala gemu

Pa Chiradzulu Boma, mayi wa geni akafuna mpamba amathamangira kubanki mkhonde. Nako ku America, akatswiri opanga magemu a pakompyuta adapeza mpamba podalira anthu wamba.

Tim Schafer ndi mkhalakale pantchitoyi. Adali mmodzi mwa amene adalemba The Secret of Monkey Island, gemu yomwe idatuluka mu 1990. Koma patapita zaka, makampani akuluakulu adasiya kuika ndalama m'magemu a nthano otere poti ati alibe msika.

Mu February 2012, kampani yake ya Double Fine idapempha anthu pa Kickstarter kuti asonkhe madola 400 000. Lamulo la kumeneko ndi lakuti ndalama zikapanda kukwana, palibe yemwe amalipira. Zidakwana tsiku lisadathe, ndipo pofika mu March anthu oposa 87 000 adali atasonkha madola 3.3 miliyoni.

Chuma chochulukachi chidadza ndi mavuto ake. Schafer adakulitsa nthanoyo mpaka ndalama zidayamba kuperewera, choncho gemuyo, Broken Age, adaigawa pawiri. Gawo loyamba lidatuluka mu 2014, lachiwiri mu 2015. Mmenemo muli mtsikana Vella, yemwe akukana kuperekedwa nsembe kwa chilombo.

Apa m'pomwe pali kusiyana. Kubanki mkhonde wobwereka amadziwika kwawo ndipo amabweza ndi chiwongoladzanja. Wosonkha pa intaneti sakongoza, amangogula lonjezo. Omwe adasonkha mu 2012 adadikira zaka zitatu kuti aone mathero a Vella.