Utsi wa moto wolusa ku Phiri la Mulanje

Utsi wa moto wolusa ndi mpweya wosakanikirana ndi mwaye, phulusa ndi poizoni wosiyanasiyana umene umatuluka tchire, nkhalango kapena nyumba zikamapsa popanda woletsa motowo. Ku Malawi utsi wotere umachuluka m'chilimwe, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba mu Novembala. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limapsa chaka ndi chaka. Kumbali ya Phalombe midzi ndi minda zafika m'tsinde mwenimweni mwa phirili ndi la Michesi, choncho utsiwo anthu amaupuma ali pakhomo pawo.

Kumene moto umayambira

Nkhalango ya m'phirili ndi yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927, koma moto wambiri umayatsidwa ndi anthu: osaka mbewa ndi nyama, ootcha makala, ofula njuchi, ocheka matabwa mozemba, ndiponso alimi otentha mapesi pososa. Udzu ukauma, kamoto kakang'ono kamakwera phiri mofulumira. Nthambi ya za Nkhalango ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust amalambula njira zotchinga moto pofuna kuteteza mitengo, makamaka mkungudza wa ku Mulanje, umene suchedwa kufa ukapsa.

Masana utsi umakwera kumwamba n'kumwazika. Usiku mpweya wa pamwamba pa phiri umazizira n'kutsetsereka m'zigwa, ndipo umatsika ndi utsiwo. N'chifukwa chake m'midzi ya m'tsinde utsi umakhala wambiri mbandakucha, anthu ali mtulo, ngakhale moto uli kutali.

Zimene zili mu utsi

Choopsa kwambiri si phulusa limene limaoneka likugwa pa zovala. Ndi tifumbi tating'ono kwambiri totchedwa PM2.5, timene m'mimba mwake simupitirira mamaikulomita 2.5, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi pafupifupi mamaikulomita 70. Mphuno sizitha kutitchinga. Timafika pansi penipeni pa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi. Mu 2021 bungwe la World Health Organization linanena kuti pa tsiku tifumbiti tisamapitirire mamaikulogalamu 15 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Pafupi ndi moto waukulu mlingo umenewu umapitiriridwa kangapo.

Mu utsi mulinso carbon monoxide, mpweya wopanda mtundu kapena fungo, umene umalepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Umavutitsa kwambiri anthu amene ali pafupi ndi malawi, monga ozimitsa moto ndi masamba. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka munthu amakomoka.

Moto ukafika pa nyumba

Utsi wa udzu ndi mitengo ndi woipa, koma wa nyumba umaposa pamenepo, pakuti kuopsa kwa utsi kumadalira chimene chikupsa. Izi zinaoneka ku Lahaina, ku Hawaii, mu Ogasiti 2023, kumene moto wa m'tchire unalowa m'tauni n'kupha anthu pafupifupi 100. Phulusa la kumeneko ataliyeza anapezamo arsenic ndi mtovu wambiri. Mu Januwale 2025 moto unatentha nyumba zoposa 16,000 ku Los Angeles, ndipo kwa masiku angapo mtovu unachuluka mumpweya ngakhale kutali ndi kumene kunkapsa.

Phalombe si mzinda waukulu, koma katundu wotulutsa poizoni yemweyo alimo m'nyumba za m'midzi ndi m'magolosale a pa Migowi kapena pa Chiringa. Matiresi a siponji akamapsa amatulutsa cyanide. Mapaipi ndi zokutira mawaya za pulasitiki ya PVC zimatulutsa mpweya wa asidi wowotcha kummero, komanso dioxin, amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'thupi. Batire la galimoto, limene mabanja ambiri amalumikiza ku sola, lili ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana. Palinso mankhwala othira m'chimanga, a mbewu za kudimba, feteleza, matayala ndi pepala la pulasitiki limene amayala kunsi kwa udzu wa denga. Zonsezi zimapsera pamodzi, ndipo eni nyumba amathamangira mu utsi womwewo kukapulumutsa matumba a chimanga.

Moto ukazima vuto silinathe. Phulusa la nyumba silifanana ndi la pa mafuwa: siloyenera kuthira m'munda, kuchezera chidulo, kapena kusiyira ana kuti aziseweretsa.

Amene amavutika kwambiri

Ana aang'ono amapuma mofulumira ndipo mapapo awo akadali kukula. Enanso ndi okalamba, amayi oyembekezera, odwala mphumu, mtima ndi kuthamanga kwa magazi, komanso amene anadwalapo chifuwa chachikulu n'kutsala ndi mapapo ofooka. Zizindikiro zoyamba ndi maso kuyabwa, kutsokomola ndi phuma. Kwa wodwala mtima, masiku ochepa a utsi wambiri angadzutse matendawo kapena kuyambitsa sitiroko.

Utsi wa m'phiri umapeza anthu amene akupuma kale utsi wa nkhuni tsiku lililonse. Kafukufuku wa Cooking and Pneumonia Study, amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba pa ana oposa 10,000 ndipo anasindikizidwa mu The Lancet mu 2017, anapeza kuti mbaula zosafuka kwambiri sizinachepetse chibayo mwa ana. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anaganizira n'chakuti anawo ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa.

Kudziteteza

Malangizo a kumayiko ena akuti anthu atseke zitseko ndi mawindo amathandiza pang'ono chabe m'nyumba zokhala ndi mpata pakati pa khoma ndi denga. Chitenje kapena kansalu konyowa kamatchinga phulusa lalikulu, osati PM2.5 kapena carbon monoxide. Masiki ya N95 yogwira bwino kumaso imatchinga tifumbi, koma osati mipweya ya poizoni. Chothandiza kwambiri ndi kuchotsa ana ndi odwala n'kuwapititsa kumene mphepo ikuchokera, kusiya ntchito zolemetsa panja utsi ukachuluka, ndi kulambula udzu kuzungulira nyumba ndi nkhokwe chilimwe chisanafike pachimake. Poyeretsa pamene papsa, phulusa liyambe lawazidwa madzi kuti lisauluke.

Munthu amene akubanika, akumva kuwawa pachifuwa, wasokonezeka mutu, kapena ali ndi mwaye m'mphuno ndi mawu osasa atatuluka m'nyumba yoyaka, apite naye kuchipatala msanga, chifukwa kummero kumatha kutupa patapita maola angapo.